Mfumu ya Chiswe ndi Mkanjo wa a Kachigamba

Mu Ufumu wa Mwadyakale munali nsanja yotchuka kwambiri, yoti aliyense ankaidziwa koma palibe amene anaionapo. Inkatchedwa Nsanja ya Chitukuko. Mfumu Sindilakwa inalonjeza kuti nsanjayo idzatalika mpaka mitambo izidzapempha njira, ndipo mwala wa maziko unaikidwa ndi ng'oma ndi nthungululu. Chaka chotsatira unaikidwanso. Chaka chinacho unaikidwanso, mwala womwewo, atangoutsuka ndi kuupaka laimu. Ana amene anavina pa mwambo woyamba anafika pokwatira nsanja idakalekeza m'mawondo.

Woyang'anira ntchitoyi anali a Kachigamba, Nduna ya Zomangamanga, munthu wa mimba yabwino ndi mawu ofewa. Musawayese chitsiru, ayi. Anakulira kumudzi, anawetako mbuzi, anaphako ngumbi ngati wina aliyense. Kungoti atalowa m'boma anatulukira kuti ukamaliza ntchito ndiye kuti wadzimaliza wekha, choncho sankamaliza kanthu. Chimene ankachiopa pa moyo wawo chinali chimodzi basi, kuchotsedwa unduna. Ku Mwadyakale nduna yochotsedwa inkavulidwa mkanjo wake wofiira pabwalo, anthu akuona, nkubwerera kwawo wapansi, ndipo ngakhale akazi ake ankayamba kuiyankha atakhala pampando. A Kachigamba akaganiza zimenezi, chakudya ankachisiya m'mbale.

Tsono pafupi ndi malo a nsanjayo, m'munda wa mayi wina wogulitsa ngumbi dzina lake Nazimbiri, munali chulu. Chiswe cha m'menemo sichinkadziwa mwambo. Sichinaitanepo mlendo wolemekezeka, sichinadulepo riboni, komiti chinalibe. Chinkangotuta dothi pansi penipeni, kulinyowetsa ndi malovu, kumata, kubwereranso. Mmawa uliwonse pamwamba pa chulu pankaoneka dothi laliwisi. Chulu chinapitirira nsanja, chinapitirira msinkhu wa munthu, mpaka alendo ofika mumzinda wa Zikomobwana anayamba kuvula zipewa pachulupo poganiza kuti ndiye nsanja imene anamva mbiri yake.

Mumsika wa Tangopirira anthu sankanena zoipa za boma. Ankangoyamikira.

"Mwaiona nsanja yathu lero?" ankafunsa wogulitsa makala.

"Yakula ndithu," ankayankha Nazimbiri akupeta ngumbi zake zouma. "Amisiri ake sapuma."

"Ndipo sanapemphe alawansi."

"Nanga maso alibe, akamuona bwanji wowapatsa?"

Mawu amenewa anafika kunyumba yachifumu atanyamulidwa ndi a Phalula, Nduna ya Zowomba M'manja, amene ankausirira unduna wa zomangamanga chifukwa uli ndi simenti. Anawanena pamsonkhano wa nduna, atagwada, nkhope ili yachisoni ngati akulengeza maliro.

Mfumu Sindilakwa inali yaikulu thupi, yoti pokhala pampando inkafunika anthu oithandiza kutsika, ndipo podzuka inkafunika omwewo ndi abale awo. Itamva za chulu inapumira m'mwamba.

"Analoleza ndani?" inafunsa.

Nthawi yomweyo inalamula kuti m'dziko lonse la Mwadyakale pasapezeke chinthu chotalika kuposa Nsanja ya Chitukuko. Nduna zinawomba m'manja motsogozedwa ndi a Phalula. Kenako mlembi ananong'ona kuti popeza nsanja ili m'mawondo, ndiye kuti mbuzi, nkhokwe, chimanga ndi Mwini Dziko amene aphwanya kale lamulo. Lamulo linakonzedwa kuti likhudze chiswe chokha, ndipo nduna zinawombanso m'manja.

Koma Mfumu sinakhutire. "Palibe ntchito imayenda popanda mtsogoleri," inatero. "Ngati chiswe chikumanga, ndiye kuti chili ndi mfumu. Mfumu ina, m'dziko langa lomwe lino, yomanga osandiuza. A Kachigamba."

"Ndili pano, Mwini Dziko."

"Mukaikumbe, mundibweretsere pano. Ndikufuna ndione chimene ili nacho choti anthu ake azimanga, pamene anthu anga ali ndi ine koma nsanja ili m'mawondo. Mukalephera kundifotokozera, mkanjowo muusiya pabwalo."

A Kachigamba anathokoza chifukwa cha ulemu wotumidwa, natuluka chammbuyo. Vuto silinali kupeza mfumu ya chiswe. Vuto linali lakuti ankaidziwa bwino maonekedwe ake, popeza anaionapo kumudzi. Ankadziwa kuti ndi chinthu chonenepa, chotuwa, chosatha kuyenda, chongodyetsedwa. Ndipo ankayenera kukachiika pamaso pa munthu wonenepa, wosatha kuyenda, wongodyetsedwa, nkunena kuti, "Nayu mtsogoleri." Anthu inu, pali ntchito zina zoti ngakhale mdani wako sungamufunire.

Mmawa mwake anafika kumunda kwa Nazimbiri ndi asilikali onyamula makasu ndi mapiki. Mwini munda anawapeza akuvula majekete.

"Takulandirani, bwana Nduna. Mwabwera kudzaika mwala wa maziko?"

"Tabwera kudzatenga make chulu, mfumu ya chiswe ija, mayi. Ndi lamulo."

Nkhope ya Nazimbiri inasintha. "Bwana, chulu ichi ndi chimene chimandidyetsa. Mvula ikagwa ngumbi zimatuluka pano, bowa amamera pano. Mukachotsa make, chulu chifa."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndinabadwira kumudzi, mayi, sindinagwe kumwamba. Koma mukaika chulu chanu uku, mkanjo wanga uku, ine ndikuona mkanjo."

Nazimbiri anakhala pamzere, nakumbatira mawondo, kuonerera.

Piki yoyamba itagwa, chulu chinatseguka, ndipo asilikali anaima kaye kudabwa. Mkati munali misewu yosalala, ina yokwera, ina yotsika, ina yopita kumibowo ya pamwamba yotulutsira mpweya wotentha. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma m'chulumo munkatuluka kamphepo kozizira bwino. Msilikali wina anati kuofesi kwawo kulibe mpweya wotere. A Kachigamba anamuuza kuti akumbe, asiye ndale.

Kenako anatuluka agang'a, asilikali a chiswe a mitu ikuluikulu ndi mano ngati mapulayala. Analuma asilikali a Mfumu m'zala, m'akakolo ndi malo ena osatchulika pagulu. Agang'a akaluma sasiya, ngakhale uwadule thupi mutu umatsalira pomwepo. Mkulu wa asilikali, akudumphadumpha, anafunsa ngati amenewa amalandira bwino.

"Amadyetsedwa ndi antchito," anatero Nazimbiri. "Okha sangathe kudya, mano anawakulira."

"Ngati athu omwewa," anang'ung'udza wogulitsa makala, amene anabwera kudzaonerera pamodzi ndi theka la msika.

Chimene chinawapweteka a Kachigamba mumtima si agang'a. Chinali chiswe chantchito. Asilikali akagumula mbali ino nkutembenukira mbali inayo, pobwerera ankapeza pogumuka paja payamba kale kumatidwa, kachiswe kalikonse kakubwera ndi kadothi kake kukamwa. Panalibe kapitawo, panalibe woimba likhweru. Anayang'anitsitsa kufuna kuona amene akulamula, ngakhale ankadziwa kuti samupeza. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawakwiyitsa.

Anakumba kupyola zipinda zodzaza tinthu tonga zisa, momwe chiswe chimalima kabowa kake kodya, mpaka pansi pafupi ndi chinyontho. Pamenepo piki inagunda chibuma cholimba ngati njerwa yootcha, chokhala ndi timibowo ting'onoting'ono m'mbali. A Kachigamba anachinyamula okha, nachiika palichero, nachiswa pamwamba mosamala.

Analimo make chulu. Kamutu kakang'ono, timiyendo tosathandiza kanthu, ndi chimimba chotuwa chachitali kuposa chala, chikugundagunda. Chiswe chantchito chinali chikumunyambita, china chikumudyetsa kukamwa, china chikututa mazira kumbuyo kwake. Pambali pake panali kena kakang'ono kakuda, kali phee.

Njira yopita kunyumba yachifumu inkadutsa mumsika. A Kachigamba anayesa kuphimba lichero ndi mpango, koma mphepo ya ku Tangopirira ndi yamwano. Anthu anasuzumira.

"Koma ikufanana ndi winawake," anatero mayi wogulitsa tomato.

"Ndani?" anafunsa msilikali mwaukali.

"Malume anga ena. Anamwalira."

Pabwalo lachifumu lichero linaikidwa patebulo. Mfumu inawerama mmene mimba inailolera, niyang'ana kwa nthawi yaitali. Nduna zinali zitakonzeka manja, osadziwa ngati awombe kapena agwire pakamwa.

"Imeneyi ndiye mfumu?"

"Ndi yomweyo, Mwini Dziko," anayankha a Kachigamba.

"Imayenda?"

"Siyenda."

"Imadya yokha?"

"Amaidyetsa."

"Imalamula chiyani?"

"Silamula kanthu, Mwini Dziko."

Apa a Phalula anatsokomola mwaulemu. "Ine ndingofuna kumvetsa, popeza sindinaphunzire zomangamanga. Anzathuwa akutiuza kuti mtsogoleri ndi chinthu chonenepa, chosayenda, chongodya, ndipo anthu amamanga bwino chikakhala chete? Akunena za chiswe, kapena pali wina amene akumunena?"

A Kachigamba anamva ngati mkanjo wayamba kale kutsetsereka pamapewa. Ndipo monga zimakhalira ndi anthu a mtundu wawo, mantha anawatsegula pakamwa, mawu nayamba kutuluka okoma ngati uchi.

"Mwini Dziko, a Phalula aona thupi, sanaone ulemerero. Mfumu iyi siyenda chifukwa dziko ndilo limabwera kwa iyo. Woyenda ndi wosowa. Sidzidyetsa chifukwa dzanja la mfumu si logwira chakudya. Silamula chifukwa kulamula ndi kupempha, ndipo wamkulu sapempha. Anthu ake amangodziwa kuti ilimo, basi, nkumamanga usana ndi usiku. Taonani nyumba yake. Anaimangira khoma kuzungulira, lolimba, lopanda khomo, timibowo tokha tolowetsera chakudya. Mdani salowa. Wodandaula salowa. Wopempha mchere salowa. Dzuwa siliiwotcha, fumbi la pamwambo siliigwera. Ife tinalakwa, Mwini Dziko. Takhala tikukutopetsani ndi maulendo, kukuonetsani kwa anthu wamba ngati ndinu munthu. Nsanja yachedwa chifukwa anthu amakuonani kwambiri."

Za mazira sananene. Anaona kuti pa tsiku ngati limeneli si zonse zofunika kunena.

Mfumu inatsamira kumbuyo, maso akuwala. Kunena zoona, inali itatopa nako kuika mwala uja. Inkaopanso anthu, makamaka akamamwetulira.

"Wodandaula salowa," inabwereza pang'onopang'ono.

"Salowa, Mwini Dziko."

"Nanga aka kakang'onoka, kali pambalipa, ndi ndani?"

A Kachigamba ankadziwa kuti kameneko ndi kamwamuna ka make chulu. Koma anaona a Phalula atagwetsa nkhope, naona mwayi utatsegula chitseko, ndipo dyera linawakankha kumsana.

"Imeneyo ndi nduna yake yokhulupirika, Mwini Dziko. Imodzi yokha. Sichotsedwa, sisinthidwa. Imakhala pambali pa mfumu moyo wake wonse."

"Moyo wonse?"

"Mpaka imfa."

Tsiku lomwelo wolengeza anaima mumsika ndi ng'oma yake. Analengeza kuti Mfumu Sindilakwa, itaphunzira mozama za chilengedwe, yatulukira njira yatsopano yolamulira. Kuyambira tsopano izitchedwanso Make Dziko. Imangiridwa chipinda cha dothi pakati pa bwalo, chopanda khomo, cha timibowo tolowetsera chakudya, kuti anthu asiye kuiona nayambe kugwira ntchito. A Kachigamba akwezedwa kukhala Nduna ya Muyaya, yosachotsedwa, ndipo adzakhala pambali pa Mfumu m'chipindamo.

A Kachigamba anapita kwawo akuyenda ngati tambala. Za chipindacho sanade nazo nkhawa ngakhale pang'ono. Iwo ndiwo ankadziwa mamangidwe a ku Mwadyakale kuposa wina aliyense. Padzakhala mwala wa maziko, padzakhala magule, padzakhala komiti yoona za mtundu wa dothi, kenako mvula, kenako chaka chamawa. Unduna wa muyaya anali ataupeza, ndipo khoma lidzafika m'mawondo iwo atakalamba. Madzulo amenewo anadya bwino koyamba pa nthawi yaitali.

Pa tsiku la mwambo Mfumu inanyamulidwa ndi mpando wake nkuikidwa pakati pa bwalo. Inalamula kuti isachotsedwepo, popeza chiswe chimamanga mozungulira mfumu yake ili pomwepo. A Kachigamba anapatsidwa kampando pambali. A Phalula, mwaulemu wonse, anaika asilikali mozungulira kuti Nduna ya Muyaya isasokonezedwe ndi aliyense, ngakhale ndi miyendo yake yomwe.

A Kachigamba anaimirira kuti ayambe zolankhula zawo za masiku onse. Asanafike ndi pa "alendo olemekezeka", anamva phokoso kuchokera kumsika. Anali anthu. Palibe anawaitana, palibe anawalonjeza kanthu. Amayi anasenza madengu a dothi, abambo anasenza mitsuko ya madzi, nkhalamba zinabwera ndi dothi m'zipewa. Wogulitsa makala anatseka malonda ake. Patsogolo panali Nazimbiri ndi beseni lodzaza dothi la chulu chake chogumulidwa chija, dothi lomata bwino kuposa lina lililonse m'dzikomo.

"Taonani mmene amandikondera," inatero Mfumu, misozi ikulengeza.

Aliyense ankafika, kuika dothi lake, kumata, kubwerera. Panalibe kapitawo. Wina akasiya mpata, wobwera pambuyo ankautseka osafunsa. Sankayimba nyimbo, sankakangana. Khoma linafika m'mawondo a Kachigamba asanamalize kupinda pepala la zolankhula zawo.

"Abale, pafika apa mpokwanira kwa chaka chino," anatero akumwetulira. "Komiti iyenera kukhala pansi kaye."

Palibe anawayang'ana. Khoma linafika m'chiuno.

"Dothi ili silinayezedwe," anakuwa. "Likhoza kugwa. A Phalula, auzeni."

"Ine za zomangamanga sindizidziwa, bwana," anayankha a Phalula ali kunja, nayamba kuwomba m'manja.

Khoma litafika pachifuwa, a Kachigamba anayesa kukweza mwendo kuti alumphe. Mfumu inawagwira mkanjo.

"Mukupita kuti?"

"Kukayendera ntchito kunjaku, Mwini Dziko."

"Kanduna ka chiswe kaja kamayendera ntchito?"

"Ayi, Mwini Dziko."

"Khalani pansi."

Anakhala. Anaona mitu ya anthu ikusowa kuseri kwa khoma, kenako manja okha, kenako thambo likuchepa pamwamba pawo mpaka linatsala ngati mbale, kenako ngati ndalama yachitsulo. Dzuwa lisanapendeke, ntchito yoyamba kumalizidwa m'mbiri ya Ufumu wa Mwadyakale inali itatha, yosalala, yolimba, yopanda mng'alu. Mkati munali kozizira bwino, kunena chilungamo. Anthu aja anasiyanso timibowo ta mpweya pamwamba, pakuti sanali ankhanza.

A Kachigamba anagwada pa kabowo kamodzi ka m'mbali. Kunja anaona diso, ndipo analizindikira.

"Mayi Nazimbiri," ananong'ona, "mayi anga, tamverani. Za chulu chanu zija tikhoza kukambirana. Kulitsani kabowoka pang'ono, mapewa okha apite."

"Bwana Nduna, kabowo ka make chulu sikakula. Inu munabadwira kumudzi, mukudziwa."

"Chabwino. Nanga chakudya chibwera nthawi yanji? Mwini Dziko sanadye chamasana."

"Zimenezo ndi zomwe timakambirana kunja kuno," anatero Nazimbiri, akusalaza m'mphepete mwa kabowo ndi chala chonyowa. "Make chulu amadyetsedwa chifukwa amaikira mazira usana ndi usiku, chulu nkumakula. Pajatu munaiwala kuwauza Mwini Dziko zimenezo. Ndiye anthu akufunsa kuti inu awiri m'menemo muziikira chiyani."

Diso lija linachoka. A Kachigamba anamva mapazi a anthu akubwerera kumsika, akucheza za mvula ndi za nsanja, ena akuti mwina mawa angoimaliza poti manja azolowera.

"A Kachigamba," inaitana Mfumu mumdimamo, "mayiyo amati chiyani?"

"Amafunsa funso, Mwini Dziko."

"Ndiye liyankheni. Nduna ndinu."

A Kachigamba anakhala pakampando kawo, nadzifunditsa bwino mkanjo wofiira uja. Panalibenso munthu m'dziko lonse amene akanatha kuwavula.